Age of Empires II: Masewera Amene Akoma Atagonera

Makolo athu anati mawu a akuluakulu akoma akagonera. Mwambi umenewu sukwanira kawirikawiri pa zinthu za makompyuta, pakuti kumeneko chinthu chimakalamba fungo la m'sitolo lisanachoke. Foni imene inali yodabwitsa zaka zitatu zapitazo, lero mwini wake akuibisa m'thumba chifukwa cha manyazi. Ndipo masewera a pa kompyuta amene anaiwalitsa anyamata nsima chaka chatha, chaka chino palibenso wowatchula. Komabe alipo masewera ena amene anatuluka m'chaka cha 1999, ndipo kufikira lero anthu akuwasewerabe m'maiko ambiri, mwa iwo muli amene anayamba ali ana a sukulu koma tsopano ali ndi ana awoawo. Dzina la masewerawo ndi Age of Empires II. Ife a tsamba lino tikufuna kuwayamikira, ndiponso kufufuza chimene chawasunga zaka zonsezi, pakuti m'yankho lake muli phunziro kwa aphunzitsi ndi kwa achinyamata amene angotsiriza kumene sukulu.

Masewera amenewa anawakonza a kampani ya Ensemble Studios ya mumzinda wa Dallas, ku Texas, m'dziko la Amereka, ndipo owasindikiza ndi kuwagulitsa anali a Microsoft. Dzina lake lonse ndi Age of Empires II: The Age of Kings, chifukwa anadza potsatira oyamba a dzina lomweli, a m'chaka cha 1997. Mmodzi mwa akatswiri amene anawaumba, Bruce Shelley, anali atagwirapo kale ntchito ndi Sid Meier pa masewera otchuka a Civilization a m'chaka cha 1991. Nkhani yake inachokera m'mbiri ya zaka pafupifupi 1,000, kuyambira pa kugwa kwa ufumu wa Roma kufikira nthawi imene mfuti zinayamba kulowa m'malo mwa mauta. Wosewera ankasankha mtundu umodzi mwa mitundu 13 ya anthu, monga Afulanki, Amongoli, Aperezi, Atchaina, Ajapani ndi Aturuki. M'chaka cha 2000 anawonjezerapo gawo lina lotchedwa The Conquerors, limene linabweretsa mitundu inanso isanu, kuphatikizapo Aaziteki ndi Amaya a ku Amereka.

Kwa amene sanawaonepo, tifotokoze pang'ono m'mene amayendera. Poyamba wosewera amapatsidwa zochepa kwambiri: nyumba imodzi yaikulu imene ndiyo likulu la mudzi, anthu wamba atatu, ndi kazitape mmodzi wokwera pa kavalo. Dziko lonse lozungulira limakhala lobisika mu mdima, ndipo limaoneka pokhapokha munthu wako akapondapo. Chuma chimene chimafunika chiripo cha mitundu inayi: chakudya, mitengo, golide ndi miyala. Chakudya chimachokera ku nkhosa, zipatso za m'tchire, nguluwe, agwape, nsomba, ndipo pambuyo pake ku minda. Munthu wamba watsopano aliyense amafuna chakudya chokwana 50, ndipo nyumba imodzi imasunga anthu asanu. Kotero woiwala kumanga nyumba amangoona mudzi wake waima osakula, ngakhale nkhokwe ziri zodzaza. Mudzi ukakula umakwera kuchoka pa nyengo ina kupita pa ina, ndipo nyengozo ziripo zinayi. Kukwera koyamba kumafuna chakudya 500, kwachiwiri chakudya 800 ndi golide 200, kwachitatu chakudya 1,000 ndi golide 800. Nyengo iriyonse imatsegula nyumba zatsopano, monga chipala cha osula zida, msika, linga la miyala ndi nyumba ya maphunziro apamwamba, pamodzi ndi ankhondo amphamvu koposa akale. Kupambana kuli ndi njira zingapo: kugonjetsa adani onse, kumanga chinyumba chodabwitsa ndi kuchiteteza kwa nthawi yoikika, kapena kusonkhanitsa zinthu zopatulika zimene zinamwazidwa m'dzikomo ndi kuzisunga kuti mdani asazilande.

Tsono funso ndi ili: n'chifukwa ninji masewera a malamulo osavuta chotere sanafwifwe? Yankho loyamba analidziwa kale aliyense amene anakhalapo pansi pa mtengo wa mango kuonerera madoda akusewera bawo. Thabwa la bawo liri ndi maenje 32 okha, ndipo mwana angathe kuphunzira malamulo ake madzulo amodzi, koma munthu amafika pomera imvi asanamalize nzeru zake zonse. Age of Empires II ndi a mtundu womwewo. Dziko losewererapo limasintha nthawi iriyonse, chifukwa kompyuta imaliumba mwatsopano: lero nkhalango iri kumbuyo kwa mudzi, mawa iri poyera pamene mdani angafike msanga, lero golide ali pafupi, mawa ali kuseri kwa phiri. Wosewera sangaloweze pamtima njira imodzi yopambanira monga m'mene ena amalowezera mayankho a mayeso akale. Ayenera kuyang'ana chimene chiri patsogolo pake ndi kuganiza pomwepo.

Ndipo kuganiza kwake n'kwa munthu wosunga banja. Chuma chirichonse chimene wawonongera kuno, wachimana kwina. Ukathamangira kusula mikondo, minda ichepa ndipo ankhondo ako omwewo asowa owalowa m'malo akagwa. Ukakondwera ndi ulimi wokha, n'kuiwala mpanda, mdani adza ndi apakavalo ochepa n'kukuphera anthu ako ali pa ntchito yodula mitengo. Munda umatha nyonga ndipo umafuna mitengo ina kuti ulimidwenso. Golide wa m'nthaka akatha watha, kotero wosewera wanzeru amakonzeratu njira ya malonda, podziwa kuti ngolo imene yapita ku msika wakutali imabwerako ndi phindu lochuluka kuposa yopita pafupi. Pa msika pomwepo, chinthu ukachigula kawirikawiri mtengo wake umakwera, ukachigulitsa kawirikawiri umatsika. Mphunzitsi wa za malonda angathe kutha sabata yathunthu akufotokoza zimenezi pa bolodi; mnyamata amene wagulitsa mitengo yake yonse pa mtengo wolira chifukwa cha changu amazimvetsa tsiku lomwelo, ndipo saiwalanso.

Chifukwa chachiwiri n'chakuti m'masewerawa mulibe chamuna chosagonja. Wankhondo aliyense ali ndi womuopa. Apakavalo amathamangitsa oponya mivi, koma amagwa msanga akakumana ndi a mikondo itali-itali, amene mtengo wawo ndi wochepa. A mikondowo nawo amatha ngati ziwala pamaso pa oponya mivi. Linga la miyala, limene limadya miyala 650 pomanga, limaoneka ngati losagwedezeka kufikira atafika makina oponya miyala kuchokera patali. Koma makinawo ndi olemera, amatenga nthawi kuti aimikidwe, ndipo apakavalo ochepa angathe kuwaphwanya asanaponye kanthu. Ngakhale njovu za nkhondo za Aperezi, zimene zimagwetsa nyumba ngati mapesi, zingathe kutembenuzidwa mtima ndi wansembe mmodzi wopanda chida, n'kuyamba kumenya mbuye wake. Mitundu ya anthu nayo inapatsidwa mphatso zosiyana pamodzi ndi zofooka zake. Oponya mivi a ku Britain amalasa patali kuposa anzawo. Agothi amatulutsa ankhondo oyenda pansi ochuluka pa mtengo wotsika, koma sangamange mpanda wa miyala. Ahuni safuna nyumba konse. Aaziteki ndi Amaya alibe akavalo, monga momwe zinaliri m'dziko lawo Asipanya asanafike. Motero palibe amene amapambana chifukwa cha mtundu umene wasankha; amapambana amene wadziwa msanga chimene mnzake akukonza, n'kukonza chomuyankha.

Chifukwa chachitatu ndicho chimene chikutikhudza kwambiri ife lero. Anthu awiri akakhala pansi kuti apikisane pa masewerawa, onse amayamba ndi kamudzi kamodzimodzi kosauka, ndipo palibe khomo lakuseri lolowetsera ndalama za m'thumba kuti ugule chipambano masewera ali mkati. N'zoona kuti magawo owonjezera amagulitsidwa, koma mwana wa munthu wolemera ndi mwana wa mlimi akakumana pa bwalo, chimene chimawalekanitsa ndi luso ndi kudekha. Yerekezani ndi masewera ambiri a pa foni a masiku ano. Amabwera ngati aulere, koma anapangidwa mochenjera kuti wosewera afike pamalo pamene sangapitirire popanda kulipira, kapena adikire maola angapo ali kuyang'ana zotsatsa malonda. Ena alibe mathero konse: amakuitana m'mawa, amakuitananso usiku, n'kumakuopseza kuti ukajomba tsiku limodzi utaya zonse zimene unasonkhanitsa. Pafupi ndi amenewa pali juga ya pa foni, imene yadya ndalama za fizi ndi za mpamba za achinyamata ambiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Age of Empires II ali ndi chiyambi ndi mathero. Mpikisano wa anthu awiri nthawi zambiri umatha ola lisanakwane, wogonja amavomera, ndipo akafuna angathe kuonanso masewera onse monga anayendera kuti apeze pamene anaphonya. Masewera amene amalola munthu kuimirira ndi kupita ku ntchito zake ndiwo amene amamulemekeza.

Tisaiwale kuti masewerawa akanatha kufa monga anzawo. M'chaka cha 2006 Microsoft inatseka malo a pa intaneti amene osewera ankakumanirako, ndipo m'chaka cha 2009 kampani ya Ensemble Studios yomwe inatsekedwa. Pamenepo mwana anatsala wamasiye. Amene anamulera ndi osewera eni ake. Iwo anasamukira ku malo ena okumanirako, monga Voobly, nakonza zolakwika zimene eni masewera anazisiya, nachititsa mipikisano yawoyawo. Kagulu kena ka okonda masewerawa kanagwira ntchito mwa kufuna kwawo kufikira m'chaka cha 2012, pamene kanatulutsa gawo latsopano lotchedwa Forgotten Empires, lokhala ndi mitundu isanu yatsopano. Ntchito yawo inakoma kotero kuti Microsoft, imene inatulutsanso masewerawa m'chaka cha 2013 ndi dzina lakuti HD Edition, inawatenga anthu aja kuti gawo lawo likhale lovomerezeka. M'chaka cha 2019, masewera atakwanitsa zaka 20, kunatuluka Definitive Edition, ya zithunzi zojambulidwanso mwatsopano ndi mitundu 35, koma malamulo ake a pa maziko anasiyidwa monga analiri. Inu achinyamata, imvani bwino mfundo imeneyi: anthu amene anayamba ndi kusewera, kenaka n'kufuna kudziwa m'mene chinthucho chinapangidwira, anatsiriza ndi kulembedwa ntchito yochipanga.

Kwa aphunzitsi, chokopa chachikulu ndi mbiri yakale imene iri m'masewerawa. Kupatula mipikisano, muli nkhani zotsatizana zimene wosewera amayendamo pamodzi ndi anthu otchuka a makedzana. Muli Joan of Arc, mtsikana wa ku France amene anatsogolera ankhondo ndipo anatenthedwa ku Rouen m'chaka cha 1431. Muli Saladin, amene analanda Yerusalemu m'chaka cha 1187. Genghis Khan, amene anagwirizanitsa mafuko a Amongoli m'chaka cha 1206. Ndi mfumu Frederick Barbarossa, imene inamira mu mtsinje m'chaka cha 1190 iri pa ulendo wa ku nkhondo. Mulinso masamba owerenga ofotokoza za mitundu ya anthu, zida zawo ndi makhalidwe a nthawi imeneyo. Ambiri amene lero amakonda mabuku a mbiri yakale anayamba kumva maina amenewa ali pa kompyuta. M'chaka cha 2015 kunadza gawo lotchedwa The African Kingdoms, limene linalowetsa anthu a ku Mali, a ku Ethiopia, Aberiberi a kumpoto kwa Afrika ndi Apwitikizi. M'menemo wosewera amatsata Sundiata, amene anakhazikitsa ufumu wa Mali cha m'ma 1235, ndi Tariq ibn Ziyad, amene anaoloka nyanja kulowa m'dziko la Spain m'chaka cha 711. Chinyumba chodabwitsa cha anthu a ku Mali anachifanizira ndi mzikiti waukulu wa dothi wa ku Djenné, ndipo cha Aitiopiya anachifanizira ndi matchalitchi osemedwa m'thanthwe a ku Lalibela. N'chinthu chokondweretsa kuona mwana wa ku Ulaya kapena ku Asia akuphunzira kuti ku Afrika kunali maufumu a mizinda, malonda ndi maphunziro azungu asanafike.

Komatu kuyamikira kwathu kusatitseke maso. Masewera ndi masewera, ndipo owapanga amapinda mbiri pamene afuna kuti nkhani ikome. Chitsanzo chiri pa khomo penipeni. Nkhani yophunzitsira oyamba kumene ndi ya William Wallace wa ku Scotland, ndipo imatha ndi nkhondo ya ku Falkirk, imene wosewera amapambana. Koma m'mbiri yeniyeni, pa nkhondo ya ku Falkirk ya m'chaka cha 1298 Wallace anagonja kwa mfumu Edward I ya ku England. Chimodzimodzinso ankhondo achikazi amene anapatsidwa kwa anthu a ku Mali, otchedwa Gbeto, anatengedwa ku mbiri ya ufumu wa Dahomey, umene unali kwina ndiponso wa zaka mazana angapo pambuyo pake. M'masewerawa Aaziteki angathe kumenyana ndi Ajapani m'chipululu, chinthu chimene sichinachitikepo. Wophunzira amene angalembe zotere pa mayeso adzalira yekha. Apa ndi pamene pakufunika mphunzitsi. M'malo moletsa, iye angafunse wophunzira kuti: "Kodi zimene waona pa kompyutazo zikugwirizana ndi zimene buku likunena? Zasiyana pati, ndipo ukuganiza kuti anasinthiranji?" Mwana amene waphunzira kufunsa mafunso otere pa masewera adzawafunsanso pa kanema, pa nyuzipepala ndi pa mphekesera za pa foni, ndipo limenelo ndi luso limene lidzamuteteza moyo wake wonse.

Chinanso choyenera kunena mosabisa n'chakuti mutu wa masewerawa ndi nkhondo. Midzi imatenthedwa, minda imapasulidwa, ndipo zonsezi zimaoneka zoyera, zopanda kulira kwa amasiye kapena njala imene imatsata nkhondo yeniyeni. Wosewera angathe kuyamba kuganiza kuti mbiri ya anthu ndi mndandanda wa mafumu ogonjetsana basi, kuiwala alimi, osula, oumba mbiya ndi amalonda amene anasenza maufumuwo pa mapewa awo. Komabe tiyamikire kuti malamulo a masewerawa amadzudzula okha maganizo otere, pakuti osewera odziwa amavomerezana kuti wopambana nthawi zambiri ndi amene anasamala anthu wamba, osalola likulu la mudzi kukhala chete ngakhale kamphindi. Mfumu yopanda olima siikhalitsa, pa kompyuta ngakhale pansi pano.

Ndiponso sitingaleke kudandaula kuti gawo lija la 2015, ngakhale linatchedwa la maufumu a ku Afrika, silinapatse wosewera mtundu uliwonse wa kum'mwera kwa Afrika kuti ausankhe. Munalibe omanga malinga a miyala a Great Zimbabwe, ngakhale ufumu wawo unali pa chimake m'zaka zomwezo zimene masewerawa amakamba. Munalibenso Amaravi a Kalonga, amene ankasula chitsulo ndi kuchita malonda a minyanga ya njovu ndi anthu a ku gombe la nyanja ya mchere. Kudandaula kokha sikumanga nyumba. M'masewerawa muli chida chimene chinalimo kuyambira 1999, cholola munthu aliyense kujambula dziko lakelake, kuikamo mitsinje, mapiri ndi midzi, ndi kulemba nkhani yoti ena aisewere. Wachinyamata wodziwa mbiri ya kwawo, amene ali ndi kompyuta ndi kupirira, angathe kuyamba pamenepo, monga anayambira aja a Forgotten Empires. Nkhani za kwathu zidzalowa m'zinthu zotere tsiku limene eni nkhanizo adzaphunzire kuzipanga.

Tikudziwa kuti makolo ndi aphunzitsi ambiri amaona masewera onse a pa kompyuta ngati mbala ya nthawi, ndipo mantha awo ali ndi maziko. Ngakhale masewera abwino angathe kumeza usiku wonse wa munthu wosadziletsa, monga momwe bawo yomwe inagonetsera minda ya anthu ena m'thengo. Wachinyamata amene akudikira zotsatira za mayeso kapena akufunafuna ntchito ali ndi nthawi yambiri m'manja, ndipo nthawi imeneyo ndi mpamba wake woyamba. Asewere atatha ntchito za tsikulo, adziikire malire, ndipo malirewo awasunge. Koma poletsa, tisaphatikize tirigu ndi namsongole. Pali kusiyana kwakukulu pakati pa masewera amene amafuna ndalama zako ndi amene amafuna nzeru zako, ndipo ndi udindo wa akulu kuthandiza ana kuzindikira kusiyanako. Mphunzitsi amene sanaonepo chimene ophunzira ake amasewera sangathe kuwalangiza bwino. Safunsa anadya phula.

Pomaliza, tibwerere ku funso lathu. Masewera a 1999 amenewa anapangidwira makompyuta ofooka kuposa foni wamba ya lero, ndipo zithunzi zake zoyamba zinali zosalongosoka poyerekeza ndi za masiku ano. Chimene chinawasunga ndi maziko amene omanga anaika: malamulo ochepa omveka bwino, chilungamo pakati pa opikisana, ndi ulemu kwa wosewera monga munthu woganiza. Pamene eni ake anawasiya, maziko omwewo anapatsa anthu wamba chifukwa chowasamalira. Inu amene mwatsiriza sukulu, posachedwa mudzayamba kupanga zinthu zanuzanu, kaya ndi mipando, kaya ndi mabuku, kaya ndi mapulogalamu a kompyuta. Ndipo inu aphunzitsi mukuumba anthu tsiku ndi tsiku. Dzifunseni ngati ntchito ya manja anu idzapeze woikonda ndi woisamala zitapita zaka 20, inu mutachokapo.